Pulogalamu Ikakana Kulowa M'kompyuta, Funsani za Abale Ake

 Ndapemphedwa kulankhula za nkhani imene simaphunzitsidwa m'kalasi, koma imadya masabata a ophunzira athu chaka ndi chaka. Nkhani yake ndi ya kuika mapulogalamu a sayansi m'kompyuta, ndi zoyenera kuchita akakana kulowa.

Ndiyambe ndi mtsikana wina amene anagogoda pa ofesi yanga chaka chatha. Ankachita digiri yachiwiri, ndipo anali ndi ziwerengero za odwala malungo za zaka zitatu zochokera m'zipatala zing'onozing'ono za boma lina la kummwera. Ankafuna kuziika pa mapu kuti aone madera amene matendawa amayambira mvula ikagwa. Ntchito yolemetsa anali ataigwira kale. Anayenda m'zipatala, anakopera m'makaundula, anakonza mayina a midzi amene kalaliki aliyense analemba mwa njira yake. Chinatsala n'kuika phukusi limodzi la R lotchedwa sf pa laputopu yake ya Ubuntu. Masiku anayi anatha akuyesa, bandulo ya intaneti ikupita, ndipo nthawi iliyonse kompyuta inkamaliza ndi mawu omwewo akuti "installation of package 'sf' had non-zero exit status". Atakhala pansi anandiuza kuti, "Aphunzitsi, mwina zamakompyutazi si za ine."

Mawu amenewo amandipweteka kuposa vuto la kompyutalo. Mwanayu sanalakwitse kanthu. Palibe amene anamuuzapo kuti mzere wotsiriza umene ankauwerenga masiku anayi onsewo ndi umene ulibe nkhani. Pulogalamu ikamaliza ntchito bwino imabweza nambala 0, ikalephera imabweza nambala ina, ndipo "non-zero exit status" ikungonena zimenezo basi. Uli ngati uthenga wa maliro wofika usiku: ukukuuzani kuti munthu watisiya, koma sukunena chimene anadwala. Chimene anadwala chinalembedwa pamwamba. Tinabwerera m'mwamba mwa sikirini, kudutsa mizere yambirimbiri, mpaka tinapeza pamene mawu akuti "error" anaonekera koyamba. Panalembedwa kuti "gdal-config not found or not executable". Kompyuta inali itanena kale dzina la chosowacho, tsiku loyamba lomwe.

Kuti mumvetse mzere umenewu, dziwani kuti pulogalamu ya sayansi siyenda yokha. Ili ndi mbumba yake, ndipo mukaiitana imabwera ndi onse. Phukusi la sf, limene Edzer Pebesma wa ku Münster analitulutsa mu 2016, silidziwa kuwerenga fayilo ya mapu palokha. Ntchitoyo limaipereka kwa GDAL, laibulale imene anaiyambitsa Frank Warmerdam. Likafuna kusintha malo a pa dziko lozungulira kuti akhale pa pepala lafulati limafunsa PROJ, imene mizu yake ili pa ntchito ya Gerald Evenden ku United States Geological Survey m'zaka za m'ma 1980. Likafuna kudziwa ngati mudzi uli mkati mwa malire a boma limafunsa GEOS kapena s2, ndipo pa nkhani ya mamita ndi makilomita limadalira phukusi la units, lomwe nalonso limadalira UDUNITS ya ku Boulder, Colorado. Ambiri mwa abalewa sanalembedwe m'chinenero cha R. Analembedwa mu C ndi C++, ndi anthu osiyana, m'mayiko osiyana, aliyense ndi kalendala yake yotulutsira zatsopano.

Kwa inu a Python nkhani ndi yomweyo, ndipo makolo ake ndi akale kwambiri. Mukapempha SciPy kuti ithetse masamu a matrix, iyo imatumiza ntchitoyo kwa LAPACK, imene inatuluka koyamba mu 1992, ndipo LAPACK imatsamira pa BLAS, imene inafotokozedwa mu 1979. Zonse ziwirizi zinalembedwa mu Fortran, chinenero chimene gulu la John Backus ku IBM linatulutsa mu 1957. Mwana wa zaka 22 akalemba mzere umodzi mu Jupyter amakhala akudzutsa agogo a agogo ake. N'chifukwa chake nthawi zina kompyuta imakudzidzimutsani n'kukufunsani gfortran pamene inu simunalembepo Fortran chibadwire. Sikuti yasokonezeka. Yafika pa m'bale amene amalankhula chinenero chimenecho, ndipo ikufuna womasulira.

Womasulirayo ndi compiler, ndipo apa pali mphambano imene aliyense ayenera kuidziwa. Phukusi limafika kwa inu m'njira ziwiri. Njira yoyamba, limabwera lophikaphika, wina atalimasulira kale kuti ligwirizane ndi mtundu wa kompyuta yanu. Ku Python lotereli amalitcha wheel, ndipo CRAN, nkhokwe ya maphukusi a R, imapereka otere kwa a Windows ndi a Mac. Njira yachiwiri, limabwera ngati ufa, kuti muphike nokha, ndipo pamenepo mufunika nkhuni, mphika ndi mthiko: compiler ya C, ya C++, mwina ya Fortran, ndi mafayilo ofotokoza laibulale iliyonse imene phukusilo likudalira. Pa Linux, R ikatenga phukusi ku CRAN imabweretsa ufa. Mtsikana uja anali ndi pulogalamu ya mapu ya QGIS pa laputopu yake, choncho GDAL inalimo kale, ndipo n'chimene chinamusokoneza. Koma GDAL imene inalimo inali yongogwiritsa ntchito. Yomangira zinthu zina pamwamba pake, Ubuntu amaipatula n'kuipatsa dzina lothera ndi dev. Tinaika libgdal-dev, libgeos-dev ndi libproj-dev, kenako uthenga wina unatiuza kuti units ikusowa libudunits2-dev, tinaikanso. Titayesanso, laputopu inatentha kwa kanthawi ikumasulira, ndipo sf inalowa.

Mukaona mizere yoyamba ndi gcc kapena g++ ikuthamanga pa sikirini, dziwani kuti mukuphika nokha, ndipo dzifunseni ngati munafunadi zimenezo. Kawirikawiri pa Python zimachitika chifukwa mwathamangira version yatsopano kwambiri. Python yatsopano imatuluka mwezi wa October chaka chilichonse, ndipo osamalira maphukusi amafuna masabata kapena miyezi kuti akonze ma wheel ake. Pip, chida choikira maphukusi a Python, ikasowa wheel yogwirizana nanu siima, imangotenga ufa n'kuyamba kuphika, ndipo imakagwa patali ndi pamene vuto linayambira. Python 3.12 itatuluka mu October 2023 inachotsa distutils, chida chimene maphukusi akale ambiri ankamangira, ndipo anthu ochuluka anakumana ndi uthenga wakuti "No module named 'distutils'". Ine pa ntchito ya kafukufuku ndimatsalira dala ndi version imodzi m'mbuyo. Palibe mphotho imene amapereka kwa woyamba kuika Python yatsopano, koma tsiku lopereka thesis silisuntha.

Pali vuto lina limene ndilidutse mofulumira chifukwa mankhwala ake ndi achidule, ngakhale ndi limene ndimakumana nalo kwambiri. Munthu amaika pandas, pip n'kunena kuti zatheka, koma akatsegula Jupyter amauzidwa kuti pandas kulibe. M'kompyuta imodzi mumatha kukhala ma Python anayi: ya Ubuntu mwini wake, ya Anaconda, ya QGIS, ndi ina imene mnzanu anakuikirani chaka chatha. Phukusi linalowa m'nyumba ina, inu mukulifunafuna m'nyumba ina. Mu Jupyter lembani import sys, kenako print(sys.executable), ndipo idzakuuzani Python imene ikuyankhula nanu. Poika phukusi lembani zimene yakuonetsanizo, kenako -m pip install, kuti pip ikhale ya Python yomweyo. Ku R funsani .libPaths(). Ndipo Debian 12 kapena Ubuntu 23.04 ndi zotsatira zake zikakukanizani ndi mawu akuti "externally-managed-environment", musakakamize. Zikuteteza Python imene kompyuta yonse imadalira. Njira yodutsira chitetezocho ilipo, koma dzina lake ndi --break-system-packages, ndipo amene anaitcha choncho ankadziwa chimene akunena. Pangani environment, ndiko kuti foda yapayokha yokhala ndi Python ndi maphukusi a ntchito imodzi yokha, muziika zanu mmenemo.

Tsopano ndikhalitse pa chitsanzo chimodzi, chifukwa amene wachimvetsa wamvetsa theka la mavuto onsewa. Pa 16 June 2024 kunatuluka NumPy 2.0, kusintha kwakukulu koyamba kwa nambala yake chiyambire pamene Travis Oliphant anatulutsa NumPy 1.0 mu 2006. M'masiku otsatira, anthu amene sanasinthe chilembo n'chimodzi chomwe m'ntchito yawo anayamba kuona uthenga uwu: "numpy.dtype size changed, may indicate binary incompatibility. Expected 96 from C header, got 88 from PyObject". Ukuoneka woopsa, koma ukunena zinthu zomveka bwino. Mkati mwa NumPy muli kabokosi kofotokoza mtundu wa manambala amene mwasunga. Mu NumPy yakale kabokosika kanali ndi ma byte 96. Mu yatsopano kali ndi 88. Phukusi ngati pandas lili ndi zigawo zomasuliridwa kale, ndipo pomasulirapo linayeza kabokosi ka 96 n'kukhomerera muyezowo m'thupi mwake.

Ganizirani kalipentala amene anabwera kudzayeza felemu, n'kupita kukapala chitseko cha muyezo umenewo. Iye ali ku shedi, mmisiri womanga nyumba wagumula felemu n'kuika ina yocheperako. Chitseko n'chabwino, felemu ndi yabwino, koma sizilowana, ndipo mukakankha ndi mphamvu mung'amba khoma. Uthenga uja ndi pandas ikukana kukankha. Ikanapitiriza, ikanawerenga manambala pamalo olakwika mu memory ya kompyuta, n'kugwa kapena kukupatsani zabodza.

Funso n'lakuti felemu inasintha bwanji munthu asanapemphe. Phukusi lililonse limanyamula kalata yonena abale amene likufuna. Ma version ena akale a pandas analemba kuti akufuna NumPy yakutiyakuti kapena yoposerapo, osaika malire a pamwamba, chifukwa pa nthawiyo NumPy 2.0 kunalibe. Ndiye munthu amene anamangirira pandas yake pa version yakale koma NumPy n'kuisiya yomasuka, tsiku limene anaikanso zonse pa kompyuta ina, pip inamutengera NumPy yatsopano kwambiri, mogwirizana ndi kalatayo. Zothetsera zake ndi ziwiri. Mutha kubweza felemu polemba pip install "numpy<2", kapena kutenga chitseko chatsopano, pakuti pandas 2.2.2 ya mu April 2024 inamangidwa kuti igwire ntchito ndi NumPy zonse ziwiri. Chosankha chili kwa inu, koma ngati muli pakati pa kusanthula ziwerengero za thesis, bwezani felemu. Kukonzanso nyumba kudikire mutamaliza.

Ku R zofanana ndi zimenezi zinachitika mu April 2020, pamene R 4.0.0 inafuna kuti maphukusi onse aikidwenso. Inu amene mumagwira ntchito ya ma gene ndi Bioconductor mukumbukire kuti iyo imatuluka kawiri pachaka ndipo kutuluka kulikonse kumamangiriridwa ku version inayake ya R, choncho maphukusi ake muziika kudzera mu BiocManager. Komanso m'bale amatha kupuma pa ntchito. Mu October 2023 maphukusi a rgdal, rgeos ndi maptools anachotsedwa pa CRAN, Roger Bivand wa ku Bergen amene anawasamalira zaka zambiri atachenjeza anthu nthawi isanakwane. Aphunzitsi anzanga, ngati zolemba zimene mumapatsa ophunzira zikuyambabe ndi library(rgdal), mukuwatuma kumudzi kumene anthu anasamuka. Ntchitoyo tsopano ili ndi sf ndi terra.

Ndiye ndani amagwirizanitsa abale onsewa? Pa ukwati timadziwa ntchito ya ankhoswe: amamva zofuna za kuchimuna, amamva za kuchikazi, n'kupeza pamene onse angavomere. Mu pip ndi mu conda, chida china choikira maphukusi, muli gawo logwira ntchito imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti mabanja si awiri, ndi 200 kapena kuposa, ndipo lililonse lili ndi ma version ambirimbiri, lililonse ndi zofuna zake. Akatswiri a masamu a kompyuta anasonyeza kuti funso limeneli lili m'gulu la mafunso ovuta otchedwa NP-complete, amene palibe njira yodziwika yowathetsera mofulumira nthawi zonse. Kwa zaka zambiri pip sinkayesa n'komwe. Inkamvera amene wayamba kulankhula, ena onse n'kuwanyalanyaza, mpaka pip 20.3 ya kumapeto kwa 2020 inabweretsa nkhoswe yeniyeni. Conda inkayesa, koma amene munaigwiritsa ntchito kale mukukumbukira mawu aja akuti "Solving environment" akuzungulira mpaka tiyi kuzizira. Mamba inabwera kudzafulumizitsa zimenezi pogwiritsa ntchito libsolv ya openSUSE, ndipo kuyambira conda 23.10 nkhoswe ya mamba ndi imene conda imagwiritsa ntchito.

Ankhoswe amagwira bwino ntchito mukawauza nkhani yonse tsiku limodzi. Mukapanga environment, tchulani maphukusi onse amene mukufuna pa lamulo limodzi. Mukamawonjezera limodzilimodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi, nkhoswe imakhala ikukonza pangano latsopano pamwamba pa mapangano akale, mpaka tsiku lina imalephera. Tengani zonse ku gwero limodzi, ndipo ine ndimalangiza conda-forge, chifukwa maphukusi a kumeneko anamangidwa kuti alowane okhaokha. Ngati china chikupezeka ku pip kokha, chiikeni pomalizira, chifukwa conda siidziwa bwino zimene pip yasintha kumbuyo kwake. Ndipo environment ikavunda, musathere sabata mukuipatsa mankhwala. Ifafanizeni mupange ina. Ndi foda chabe.

Amene mudzagwire ntchito pa seva zikuluzikulu mudzakumana ndi uthenga wonga "version GLIBC_2.28 not found". Umatanthauza kuti pulogalamu inamangidwa pa Linux yatsopano kuposa ya sevayo. CentOS 7, imene inakhala pa seva zambiri za kafukufuku mpaka chithandizo chake chinatha pa 30 June 2024, ili ndi glibc 2.17. Musayese kusintha glibc ndi manja, pakuti pafupifupi pulogalamu iliyonse pa makinawo imaimirira pa iyo. Lankhulani ndi woyang'anira seva, kapena gwiritsani ntchito Apptainer, imene kale inkatchedwa Singularity, yomwe imanyamula pulogalamu pamodzi ndi mbumba yake yonse m'fayilo imodzi. A Mac dziwani ngati makina anu ali ndi purosesa ya Intel kapena ya Apple, imene inayamba ndi M1 mu November 2020, chifukwa phukusi lomangidwira ina silingasakanizidwe ndi la inzake.

Malangizo ambiri amene mudzawerenge analembedwa ndi anthu amene intaneti yawo siduka ndipo magetsi awo sazima. Iwo akati "fafanizani muikenso zonse" saganiza za bandulo. Kuno tiyenera kuchita mwanzeru zathu. Magetsi akazima fayilo ili pakati pa ulendo, chidutswa chake chimatha kutsala m'kompyuta, ndipo mawa pip kapena conda idzadandaula kuti fayiloyo sikugwirizana ndi chidindo chake. Lamulo la pip cache purge kapena conda clean limachotsa zotsalirazo. Chachiwiri, palibe chifukwa choti ophunzira 30 a kalasi imodzi aliyense agule bandulo yokatengera mafayilo omwewo. Mmodzi apite pamene intaneti ili bwino, alembe pip download kuti maphukusi onse ndi abale awo agwere m'foda imodzi, aike pa fulashi. Enawo alembe pip install --no-index --find-links n'kuloza fodayo. Chofunika n'chakuti makompyutawo akhale a mtundu umodzi ndi Python ya version imodzi. Ku R phukusi la miniCRAN limagwira ntchito yofananayo. Dipatimenti iliyonse ikanakhala ndi fulashi yotere m'kabati ya mlembi, yokonzedwanso teremu iliyonse.

Chachitatu ndi chaching'ono koma chinandidyera tsiku lathunthu m'labu ina. Makompyuta onse ankakana kutenga phukusi lililonse, akunena kuti satifiketi ya seva siyodalirika. Tinakayikira netiweki, tinakayikira seva ya kutsidya kwa nyanja. Vuto linali kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, ka CR2032, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Mabatire anali atatha, ndipo magetsi akazima makinawo ankadzuka akuganiza kuti ali m'chaka china chakale. Satifiketi iliyonse ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kwa kompyuta yosokonekera kalendala, satifiketi yabwinobwino imaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Mukaona mawu akuti SSL kapena certificate, yang'anani kaye tsiku pa kona ya sikirini. Ena adzakuuzani kuti muzimitse kuyendera satifiketi. Musatero, chifukwa mukatero mwavomera kuika m'kompyuta yanu chilichonse chimene munthu wapanjira angakupatseni.

Zonse ndanenazi ndi mavuto aphokoso. Amakwiyitsa, koma amadzionetsa. Amene amandisowetsa tulo ndi aja akachetechete, pamene zonse zalowa bwino, palibe uthenga wofiira, koma yankho lasintha. Ambiri a inu mumasankha midzi kapena mabanja oti mukawafunse pogwiritsa ntchito sample() mu R, ndipo munaphunzitsidwa kulemba set.seed() kuti wina akabwereza apeze omwewo. Lembani set.seed(123) kenako sample(1:100, 5) pa R 3.5, mupeza 29, 79, 41, 86 ndi 91. Lembani zomwezo pa R 3.6.0, imene inatuluka mu April 2019, kapena ina iliyonse yotsatira, mupeza 31, 79, 51, 14 ndi 67. Osamalira R anasintha njirayo pa chifukwa chabwino, pakuti yakaleyo inkakondera manambala ena pang'ono posankha kuchokera m'gulu lalikulu kwambiri. Koma taganizani gulu la kafukufuku limene linasankha midzi mu 2018, ndipo patapita zaka likufuna kubwerera ku midzi yomweyo podalira kuti script idzawakumbutsa. Galimoto idzapita kwina. Lamulo la RNGversion("3.5.0") limabweza njira yakale, koma lingakuthandizeni pokhapokha wina atalemba penapake kuti ntchitoyo inachitika pa R iti.

Mu 2019 akatswiri a chemistry ku University of Hawaii, m'magulu a Philip Williams ndi Rui Sun, anapeza zofanana ndi izi. Ankagwiritsa ntchito ma script a Python amene anasindikizidwa mu Nature Protocols mu 2014, othandiza kuwerengera manambala a NMR pofuna kutsimikiza kapangidwe ka mankhwala. Pa mafayilo omwewo, Windows 10 ndi macOS Mavericks zinapereka 173.2, Ubuntu 16 inapereka 172.4, ndipo macOS Mojave inapereka 172.7. Chifukwa chake chinali chakuti script inkapempha mndandanda wa mafayilo kudzera mu glob n'kuyembekezera kuti abwera atasanjidwa, pamene Python silonjeza zimenezo. Dongosolo lake limadalira makina. Mafayilo ankaphatikizidwa ndi anzawo olakwika popanda chenjezo lililonse. Anazilemba mu Organic Letters chaka chomwecho pamodzi ndi script yokonzedwa, ndipo kukonzako kunali kungouza kompyuta kuti isanje mafayilo isanawagwiritse ntchito. Vutoli analigwira chifukwa panali munthu amene anaona kuti manambala a pa kompyuta yake sakufanana ndi a mnzake, ndipo sanazinyalanyaze.

A mapu muli ndi msampha wanu. Kuyambira PROJ 6 ya mu 2019, tsatanetsatane wa miyezo ya dziko amasungidwa m'fayilo yotchedwa proj.db. Kompyuta ikakhala ndi PROJ ziwiri, ina ya QGIS ina ya conda, laibulale imatha kutsegula proj.db ya inzake, n'kuchenjeza mzere umodzi, ntchito n'kupitirira mapu atataya chizindikiro cha muyezo wake. Kuno zimenezi n'zoopsa, chifukwa mapu athu akale anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950 pamene GPS imagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo mukazisanjikiza osasintha, malo amodzi amasiyana ndi mamita oposa 100. Mjigo umatha kuwolokera kutsidya kwa mtsinje. Chenjezo lotchula proj.db musalidumphe.

N'chifukwa chake ndikupempha chinthu chimodzi kwa aphunzitsi anzanga amene mumayang'anira ma thesis. Wophunzira wa m'labu akapanda kulemba mtundu wa makina oyezera ndi kampani ya mankhwala amene anagwiritsa ntchito, mumamubweza. Koma akalemba kuti "ziwerengero zinasanthulidwa ndi R" mumasayina. Mbumba ya maphukusi imene inali m'kompyuta tsiku limene tebulo la zotsatira linapangidwa ndi mbali ya njira ya kafukufuku, mofanana ndi sikelo ndi maikulosikopu. Kuilemba sikutenga mphindi ziwiri. Mu R, sessionInfo() imatchula zonse, ndipo renv::snapshot() imalemba fayilo ya renv.lock imene mnzanu angaigwiritse ntchito kubwezeretsa maphukusi omwewo. Mu Python muli pip freeze ndi conda env export. Fayiloyo ikhale m'foda imodzi ndi ziwerengero, ndipo ilowe kumapeto kwa thesis. Ndikanakonda bungwe loona za mayeso litaika lamulo limeneli chaka chino.

Kwa inu ophunzira, akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa nakonso kuli ndi kafunsidwe. Musanditumizire chithunzi cha pa foni cha mzere wotsiriza. Koperani zonse zimene kompyuta yalemba, kuyambira lamulo limene munalemba inuyo mpaka pansi, muike m'fayilo. Nenani ngati ndi Windows, Mac kapena Linux, nenani version ya R kapena Python, ndiponso chimene munasintha komaliza zinthu zisanayambe kuvuta. Poyesa mankhwala, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndipo lembani m'kope chimene mwasintha, monga mmene mumachitira pa benchi ya labu. Mukasintha zisanu n'kuchira, simudzadziwa chimene chinachiritsa, ndipo mwezi wamawa mudzayambiranso. Anthu amene amasamalira maphukusiwa ambiri ndi ongodzipereka, amagwira ntchitoyi usiku ataweruka kwina. Mukawalembera, alembereni mwaulemu ndiponso mokwanira, ndipo mudzadabwa mmene amayankhira.

Mtsikana uja anamaliza mapu ake. Patapita miyezi iwiri anabweranso atatsogoza mnzake wa zaulimi amene terra inkamukanira, koma sanabwere kudzandifunsa chochita. Anali atapeza kale mzere woyamba wa vutolo, ndipo ankangofuna chilolezo choika phukusi pa kompyuta ya labu.

Masana ano tikumana m'chipinda cha makompyuta nthawi ya 2 koloko. Ndakonza malaputopu atatu amene ndawasokoneza dala. Ina ili ndi pandas yakale pamwamba pa NumPy 2, ina ilibe libudunits2-dev, ndipo ina kalendala yake ndaibweza m'mbuyo. Mukhala m'magulu a anthu anayi, ndipo sindikuuzani kuti iti ndi iti. Bwerani ndi kope ndi cholembera, komanso amene muli ndi fulashi ya 8 GB kapena yoposerapo mubwere nayo, kuti mutenge foda ya maphukusi popita kunyumba.